Amayi anawaletsa masamba chifukwa cha warfarin, pano akutuluka kamfuno

MwanaWaNachisale
Moni nonse pagulu pano. Odziwa za mankhwala ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 58, vuto la mtima ndi lakalekale. Adokotala anati valavu ina ya mumtima inaonongeka ali mtsikana, ndiye mtima umagunda mosalongosoka. Chaka chatha anachita sitiroko yaing'ono, mkono unafooka koma unabwereramo. Kuyambira pamenepo akumwa mitundu inayi: warfarin, digoxin, Lasix ndi enalapril.

Tsiku lomwe ankawayambitsa warfarin, wina pachipatalapo anawauza kuti masamba asamadye. Amayi ndi munthu womvera, anasiyiratu. Dzinja lonseli nkhwani wangokhwimira m'munda, chisoso chamera mpaka pakhonde, iwo ndiwo zawo usipa, nyemba ndi mazira basi. Ndiye mlongo wanga wandiimbira kuti dzulo atuluka kamfuno kawiri, m'mawa uno potsuka mano alavula magazi, ndipo pantchafu pada ngati amenyedwa chonsecho sanagwe. Tsiku lawo lokayezetsa INR, muyezo wa kaundanidwe ka magazi, ndi pa 24. Tidikire? China, chifuwa chouma chawazunza miyezi isanu, makhololo ayeza kawiri, TB sanaipeze.

Namwino_Leeds
Musadikire pa 24 achimwene. Apite lero lomwe kuchipatala chomwe amayeza INR, ndipo warfarin wa madzulo ano asamwe mpaka dokotala awaone. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse ali m'nyumbamo, ngakhale ogula pagolosale, aike m'jumbo imodzi. Akaona chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, kusanza magazi kapena mutu waukulu wodzidzimutsa, pamenepo n'zothamangira ngakhale usiku. Funso langa: masabata awiri apitawa amwako mankhwala ena alionse achilendo?

Chatsalira77
Warfarin si poizoni wa makoswe ameneyo? Mukuwapatsa amayi anu tameki wachizungu ndiye mukudabwa magazi?

MaiBusa_Area25
Aaa Chatsalira, munthu ali pamavuto, mawu ake akhale amenewo?

WaFamasi265
Chatsalira sananame kwenikweni, angosiyira nkhani panjira. Zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wina wouma womwe unachita nkhungu. Karl Link ndi anzake pa yunivesite ya Wisconsin anapeza chomwe chinali mu udzumo, n'kupangapo warfarin. Anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948, mu 1954 anavomerezedwa kwa anthu, ndipo mu 1955 anapatsidwa kwa pulezidenti Eisenhower atadwala mtima. Khoswe amafa chifukwa amadya mopanda muyeso. Munthu timamuyezera, n'chifukwa chake pali INR. Tameki ndi zina, ameneyo sakhudzana ndi kuundana kwa magazi.

Kagwiridwe kake nkotere. Chiwindi chimapanga tinthu tothandiza magazi kuundana munthu akavulala, ndipo popanga chimagwiritsa ntchito vitamini K. Vitaminiyu akagwira ntchito, thupi limamukonzanso kuti agwirenso. Warfarin amatseka pokonzerapo. Ndiye magazi sasanduka madzi ayi, amangochedwa kuundana. INR imayeza kuchedwako. Wosamwa mankhwala amakhala cha pa 1. Munthu ngati amayiwa amafunika pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi amatha kuundana mumtima, kachibuma n'kupita kumutu, sitiroko. Ikakwera kwambiri, ndi izi za kamfunozi.

Tsono za masamba. Vitamini K ali wambiri m'masamba obiriwira, mpiru, repu, chaina, nkhwani, bonongwe. Koma lamulo lake si kusiya masamba. Lamulo ndi kudya mofanana sabata ndi sabata, dokotala n'kuika mlingo wa warfarin molingana ndi kadyedwe kanu. Wosiyiratu ndi amene INR yake imavina kwambiri, chifukwa thupi lilibe vitamini K wosungira, kasinthidwe kakang'ono kamaigwedeza.

Nabanda_wa_Dedza
Ine ndikutsutsa pang'ono. Apongozi anga anauzidwa chimodzimodzi, anasiya masamba, chaka chachitatu tsopano alibe vuto. Madokotala onsewa angalakwitse?

WaFamasi265
Amayi Nabanda, apongozi anuwo mlingo wawo unaikidwa atasiya kale masamba, ndiye zikugwirizana. Koma tsiku lina adzapita kumaliro kumudzi, adzadya chigwada ndi nkhwani wotendera sabata yathunthu, INR idzatsika iwo osadziwa. Komanso tinene chilungamo, munthu wa kumudzi ukamuletsa masamba wamusiyira chiyani? Nyama ya tsiku lililonse ili kuti? Kwathu kuno chovuta china ndi nyengo. Dzinja masamba ali mbwee, mu Okutobala kwa amene alibe dimba ndi mfutso wa apo ndi apo. Nyengo ikamasintha ndi pomwe kuyezetsa kumafunika pafupipafupi.

MwanaWaNachisale
Ndafunsa mlongo wanga. Akuti sabata yatha anatsegula m'mimba, anapita pa kachipatala kapafupi, anawapatsa Flagyl ndi bakitirimu. Buku lomwe muli za mtima analisiya kunyumba, anagula lina pakhomo pachipatalapo. Komanso msana ukawawa amamwa bufeni wa pagolosale.

Namwino_Leeds
Mayo ine. Ndi zimenezotu. Masamba tawanamizira.

WaFamasi265
Zitatu zonsezo n'zosayenderana ndi warfarin. Flagyl ndi bakitirimu amachedwetsa chiwindi kuphwanya warfarin, ndiye amaunjikana m'thupi ngati munthu wamwa mlingo wowirikiza. Amaphanso tizilombo tabwino ta m'matumbo tomwe timapangako vitamini K. Onjezerani kutsegula m'mimba ndi kusadya bwino. Bufeni naye amapala khoma la chifu, ndipo amafooketsa timaselo tomata bala. Diclofenac ndi aspirini chimodzimodzi. Wa warfarin ululu ukabwera amwe panado, wa masiku ochepa, ndipo ngati akumwa tsiku ndi tsiku anene kuchipatala chifukwa nayenso wochuluka amakweza INR. Mankhwala a mafangasi a fluconazole nawonso amakweza.

Ena amakokera kumbali inayo. Rifampicin wa mu mankhwala a TB amafulumizitsa chiwindi, warfarin amatha msanga, INR n'kugwa. Mwanena kuti makhololo ayeza kawiri. Akanati angowayambitsa mankhwala a TB mongoganizira, bwenzi tikukamba nkhani ya sitiroko yachiwiri.

Kondwa_Joni
Bwanji osangowasinthira atsopano aja osayezetsa magazi? Abwana anga kuno ku Randburg amamwa Xarelto, kamodzi patsiku, za INR sazidziwa. Ndikhoza kugula n'kutumiza pa basi.

Namwino_Leeds
Mtima wabwino Kondwa, koma musatumize. Kunonso odwala ambiri anasamutsidwira ku rivaroxaban (ndiye Xarelto uja) ndi apixaban, zoona. Koma pali magulu awiri omwe timawasiya pa warfarin: oikidwa valavu yachitsulo, ndi amene valavu yawo inapanikizika ndi nthenda ija imayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Kafukufuku wa INVICTUS yemwe anatuluka mu 2022 anayerekeza awiriwa pa odwala otere opitirira 4,000, ndipo omwe anali pa mankhwala a mtundu wa warfarin anamwalira ochepa kuposa a rivaroxaban. Amayiwa akuoneka kuti ali m'gulu limeneli. Dokotala amene anaona sikani ya mtima wawo ndiye angagamule.

Ndionjezere kwa amene mumatumiza mankhwala kumudzi. Kuno ku UK warfarin wa 1 mg ndi wabulauni, wa 3 mg wabuluu, wa 5 mg wapinki. Kwina mitunduyo ndi yosiyana. Gogo akazolowera kuti ndimamwa kamodzi ndi theka, inu n'kumutumizira ena, amwabe kamodzi ndi theka. Werengani nambala ya mg, osati mtundu.

Chatsalira77
Ndiye agogo athu ankakhala bwanji opanda zonsezi? Adyo, jinja, moringa, magazi amayenda okha.

Mlimi_wa_Mitundu
Ankafa achimwene. Timangoti anawalodza, kapena anagwa kubafa.

MaiBusa_Area25
Za chifuwazo palibe wayankha. Amuna anga anakhosomola chaka chathunthu, kukhosi kumangoti nyerenyere makamaka akagona. Uchi, mandimu, masirapu, zonse zinakanika. Mwana wa mchemwali wanga wophunzira za udokotala ndi amene anafunsa kuti bambo akumwa chiyani cha BP. Enalapril. Atawasinthira, sabata zitatu chifuwa zii.

WaFamasi265
Zimachitika kawirikawiri, mwina munthu mmodzi mwa khumi aliwonse. Enalapril amatseka enzaimu yomwe imapanga chinthu chofinya mitsempha, ndiye mitsempha imamasuka, BP imatsika, mtima umapopa mosavutika. Koma enzaimu yomweyo ndi imenenso imachotsa chinthu china chotchedwa bradykinin. Chikaunjikana m'njira za mpweya chimakanda kukhosi. Palibe sirapu yomwe ingathetse. Amasinthira ku losartan, yemwe ntchito yake ndi yofanana koma bradykinin samukhudza. Chatsalira mumve izi musangalale: banja lonse la mankhwalawa linachokera pa kafukufuku wa ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, ndipo woyamba wake anali captopril.

Koma kwa amayi a Nachisale tisathamangire. Wodwala valavu amathanso kukhosomola chifukwa madzi akudzadza m'mapapo. Afunseni ngati amabanika akagona chagada, ngati amasanja mapilo, ngati miyendo yatupa. Dokotala amvetsere pachifuwa. Ndipo aliyense wa enalapril akaona milomo kapena lilime latupa mwadzidzidzi, asamwenso, athamangire kuchipatala. Kutupa kumeneku kumagwira anthu akuda kwambiri kuposa azungu. Woyembekezera asamwe enalapril kapena losartan. Warfarin nayenso amaononga mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyambirira, ndiye mtsikana wa warfarin akafuna pathupi ayambe wakambirana ndi dokotala, nthawi zambiri amamuika pa jakisoni wa heparin.

Mlimi_wa_Mitundu
Ine Lasix ndinamuthawa. Kukwera minibasi ya ku Lilongwe utamwa ameneyo, usanafike pa Bunda Turn-off wayamba kale kuchonderera kondakitala.

Namwino_Leeds
Kkkk pepani bambo. Koma musamuthawe, msintheni nthawi. Amagwira ntchito pafupifupi maola 6, ndiye tsiku la ulendo mukhoza kumwa mutafika, bola usakhale usiku. Amakakamiza impso kutaya mchere, madzi n'kutsatira. Vuto lake amatayitsanso potaziyamu, ndipo apa mpomwe pali msampha kwa amene akumwanso digoxin. Potaziyamu akachepa, digoxin amaluma kwambiri ngakhale mlingo usanasinthe. Malire ake pakati pa kuchiza ndi kupweteka ndi opyapyala. Zizindikiro zake nseru, kusafuna kudya, kusokonezeka mutu, mtima kugunda modumphadumpha, ena amaona zinthu zachikasu. MwanaWaNachisale, popeza amayi anatsegula m'mimba, pemphani ayezenso impso ndi potaziyamu. Digoxin amatuluka kudzera mu impso, ndipo bufeni pamodzi ndi Lasix ndi enalapril zimazipanikiza kwambiri.

Befu_Wanga
Pepani ndilowetse yanga poti akatswiri alipo. Ndili ndi mphumu. Anandipatsa mapampu awiri, yabuluu ndi yabulauni. Yabuluu ndikapopa ndimamasuka pompo, ngakhale manja amanjenjemera. Yabulauni ndapopa masiku anayi palibe chomwe ndamva, ndinaiponya m'kabati. Yabuluu ndimamaliza imodzi pamwezi.

Admin_Gulu
Befu_Wanga, bwenzi mutatsegula mutu wanuwanu. Koma poti mwafunsa kale, ayankheni.

WaFamasi265
Itulutseni m'kabatimo. Yabuluu ndi salbutamol, imamasula minofu yozungulira timapaipi ta mpweya m'mphindi zochepa, mphamvu yake n'kutha pakapita maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Kunjenjemera ndi mtima kuthamanga n'chifukwa choti imakhudzanso minofu ina. Koma gwero la mphumu ndi kutupa kwa mkati mwa timapaipito, ndipo salbutamol kutupako sakukhudza. Yabulauni, beclometasone, ndiyo imaphwetsa kutupa, pang'onopang'ono, sabata imodzi kapena ziwiri musanaone kusintha. Imafuna tsiku lililonse, ngakhale muli bwinobwino. Pampu yabuluu imodzi pamwezi ndi yambiri zedi, zikusonyeza kuti mphumu yanu sinagwidwe. Kuyambira 2019 malangizo a GINA, bungwe loona za mphumu, omwe maiko ambiri amatsatira, anasiya kulimbikitsa kuti wamkulu azidalira yabuluu yokha. Mukapopa yabulauni muzichukucha m'kamwa n'kulavula, kupewa zoyerayera za pa lilime.

Ndipo wa mphumu aliyense azinena asanapatsidwe mankhwala a BP kapena a mtima. Propranolol amatseka malo omwewo amene salbutamol amatsegula, akhoza kukubanikitsani koopsa. Atenolol ndi wofatsirapo koma naye ndi wosamala naye.

Nabanda_wa_Dedza
Mwana wanga wa zaka 6 sankatha kupopa ndi kupuma nthawi imodzi, mankhwala onse amathera pa lilime. Anamwino anatenga botolo la pulasitiki la 500 ml, anaboola kunsi kwake moti pakamwa pa pampu palowe mothina, mwana n'kumapumira kukamwa kwa botolo. Kupopa kamodzi, kupuma kanayi kapena kasanu. Ndinkaona ngati zaumphawi, koma usiku tinayamba kugona.

Namwino_Leeds
Si zaumphawi mayi. Heather Zar ndi anzake anaziyesa pa ana ku Cape Town, zotsatira zinatuluka mu 1999, botolo linagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula.

Kondwa_Joni
Nanga timapiritsi toyera tija amagulitsa pamsika kuti tonenepetsa? Msuweni wanga ankamwa kuti masaya abwere. Anabweradi, koma miyendo ngati bango.

WaFamasi265
Kawirikawiri amakhala prednisolone kapena dexamethasone, nthawi zina osakaniza ndi ena opatsa njala. Kumeneko si kunenepa, ndi mafuta kusamukira kumaso, pamimba ndi pakhosi kumbuyo, minofu ya miyendo ikutha. Ndi mankhwala abwino kwambiri pamalo pake: mphumu ikavuta masiku asanu, nthenda ya impso ya ana otupa thupi, lupus, nyamakazi yotupitsa mfundo. Ntchito yake ndi kugonetsa chitetezo cha m'thupi pamene chayamba kulimbana ndi mwini wake. Tsono chitetezo chikagona, TB yomwe inali chete imadzuka, shuga amakwera, BP imakwera, mafupa amafewa.

Choopsa china, amene wamwa kupitirira sabata zitatu asasiye kamodzin'kamodzi. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri topanga cortisol, yemwe ntchito yake m'thupi ndi yofanana ndi ya mapiritsiwa. Tikaona kuti wina akubwera kuchokera kunja, timaleka kupanga. Mukadula mwadzidzidzi thupi limatsala lopanda kalikonse, munthu amafooka, kusanza, BP kugwa, ena amakomoka. Msuweni wanuyo ngati akumwabe apite akamutsitsire pang'onopang'ono.

Impso_Yachiwiri
Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndinaikidwa impso ku India, anandipatsa ndi mchimwene wanga. Ndimamwa tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone wochepa, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse, chifukwa thupi limaona impsoyo ngati mlendo wofunika kumuthamangitsa. Tacrolimus ndimamwa 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, alamu ili pafoni. Tsiku loyezetsa mlingo wake m'magazi sindimwa mpaka atanditenga magazi. Anandiletsa chipatso cha grapefruit chifukwa chimakweza mlingo, ndipo bufeni sindimuyandikira.

Chomwe ndafuna kunena ndi cha buku. Ine ndinalemba mankhwala anga onse pa kapepala, ndinakamata pulasitiki, kamakhala m'chikwama limodzi ndi chitupa. Ngakhale kokachotsa dzino ndimayamba ndatulutsa kapepalako asanandifunse dzina. Kawiri konse kandipulumutsa, kamodzi anali atalemba kale erythromycin, yemwe sayenderana ndi tacrolimus, atakaona anafufuta.

Namwino_Leeds
Chitani zomwezo kwa amayi, MwanaWaNachisale. Mulembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti ALI PA WARFARIN, pachikuto cha buku lililonse lomwe ali nalo. Ndipo poti tatchula bakitirimu, amene muli ndi abale omwa methotrexate wa nyamakazi: ameneyo ndi wa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo ndi bakitirimu saphatikizana, onse awiri amagwetsa maselo a magazi.

Chatsalira77
Nanga amene amamwa bakitirimu tsiku lililonse limodzi ndi ma ARV, warfarin ndiye ayi?

WaFamasi265
Funso labwino, lero mwandidabwitsa. Amatha kumwa, dokotala akadziwa zonse ziwiri. Ngati bakitirimu ndi wa tsiku lililonse, mlingo wa warfarin amauika poganizira zimenezo, kawirikawiri umakhala wocheperapo, ndipo amayeza pafupipafupi. Choopsa ndi kuyamba kapena kusiya mwadzidzidzi wina osadziwa. N'chimodzimodzi ndi masamba aja, n'chimodzimodzi ndi mowa. Moringa wanu uja nayenso ndi tsamba lobiriwira, wa warfarin asangoyamba kuthira supuni zitatu m'phala osanena.

Chatsalira77
Moringa musamunyoze. Koma ndamva.

MwanaWaNachisale
Ndabwera ndi lipoti. Mlongo wanga anawakweza kabaza mpaka pamsewu, anafika kuchipatala chachikulu cha m'ma 2 koloko. INR yapezeka 7.4. Awagoneka, warfarin aimitsa kaye, awapatsa vitamini K, ndipo mawa ayezanso. Kamfuno wasiya. Potaziyamu anali wotsikirapo, akuwapatsa. Dokotala atakhuthula jumbo ija patebulo anapatula bufeni ndi mapiritsi otsala a Flagyl n'kuwaika pambali. Pachifuwa akuti madzi mulibe, ndiye enalapril amuchotsa, ayesa losartan impso zikaoneka kuti zili bwino.

Za masamba dokotala anaseka, akuti azidya kambale kamodzi tsiku lililonse, chomwecho chomwecho, ndipo adzayezetse pakatha sabata akatuluka. Amayi akuti anthu a pafoni anuwo muwathokoze. Atumanso mlongo wanga kuti mawa abwere ndi nkhwani wotendera, wothira tomato wambiri.

Mlimi_wa_Mitundu
Nsinjiro zikasowa munene, ndili nazo za chaka chatha.

Befu_Wanga
Yabulauni ndaipeza, koma deti lake linatha mu Novembala. Ndipopebe kapena ndikatenge ina?

WaFamasi265
Katengeni ina, ndipo yabuluuyo mupite nayo akaone mmene mumapopera.